Nkhoswe Wachibwibwi ku Lirangwe

Chibwibwi changa si cha sewero ayi. Ndiyambire pamenepo, chifukwa mpaka lero anthu amandiimitsa pamsewu n'kumati, "Akulu, tatichitireni kujaku," ngati kuti ndi chipewa choti ndikafika kunyumba ndimavula n'kupachika pamsomali. Ndinabadwa nacho ine. Mtima ukakhala m'malo ndimalankhula bwinobwino ngati wina aliyense, mwinanso kuposa ena amene amandisekawo. Koma ndikangopsa mtima, basi zathera pomwepo: lilime limakakamira, mawu amaima pakhosi, mutu umayamba kugwedera, diso lakumanzere n'kumatsinzina lokha. Ku pulayimale kwathu ku Chileka anzanga ankandiputa dala kuti aonerere zimenezi. Ine kumenya, iwo kuseka. Ngakhale amene ndamugwetsa pansiyo ankadzuka akuseka, magazi ali m'mphuno.

Zisudzo ndinazilowa nthawi imene ndale za matipate zinkangoyamba kumene. Pakamwa pa anthu panali patatseguka, aliyense ankafuna kunena kanthu pagulu, ndipo magulu a zisudzo anabuka paliponse. Ine ndinali mlimi wa chimanga ngati anzanga onse, kwinaku ndikumata matayala a njinga pansi pa mtengo, m'mbali mwa msewu wopita ku bwalo la ndege. Chaka china, pa Lachisanu Loyera, achinyamata a kutchalitchi kwathu anandipatsa mkondo wa nsungwi kuti ndikhale msilikali m'sewero la masautso a Yesu. Mawu anga anali ochepa zedi. Koma mnzanga wina anandiponda chala chimene chinali ndi bala, ndipo m'malo mopepesa ananditsinzinira diso. Ndinapsa mtima pomwepo, pamaso pa mpingo wonse, mawu ochepawo n'kukanika kutuluka. Tchalitchi chonse chinafa ndi phwete, tsiku la imfa ya Ambuye, abusa omwe akupukuta misozi. Pakati pa anthuwo panali bambo wina wa m'tauni, mwini gulu la zisudzo, amene anabwera kudzaona apongozi ake. Potuluka anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Aise, iwe chuma chako chili m'kamwamo." Ndikanadziwa, ndikanamuuza kuti andisiye ndi matayala anga.

Anandipatsa gawo limodzi, ndipo ndi lomwelo limene ndakhala nalo moyo wanga wonse: nkhoswe wadyera. Jekete lalikulu lofika m'mawondo, tayi yaifupi yothera pamtima, nsapato imodzi yakuda inayo yofiirira. Nkhani yake inali yomweyomweyo, ankangosintha mudzi ndi mayina. Mkazi wamenyedwa ndi mwamuna wake, wathamangira kwa malume ake. Malumewo, amene ndi ineyo, abwera atalusa, akulumbira kuti mwana wawo akumutenga lero lomwe. Achita chibwibwi, agwedeza mutu, amenya mpando. Kenako akuchimuna atulutsa nkhuku. Malume akana, aikankha. Akananso, koma diso lili pa nkhuku. Mapeto ake aipanira m'khwapa n'kumuuza mwanayo kuti abwerere kwa mwamuna wake. Anthu ankaseka mpaka kugubuduka pafumbi.

Vuto linali lakuti chibwibwicho sichibwera pochiitana. Ndikayesa kuchipanga dala chinkatuluka chozizira, anthu osaseka. Ndiye mwini gulu uja anapeza njira yake. Tikatsala pang'ono kulowa pa siteji ankabwera kuseri kwa nsalu n'kuyamba kundinyoza. Lero andiuze kuti ndikununkha thukuta, mawa andibisire nsapato, tsiku lina atchule mayi anga amene anali atamwalira kalekale. Akaona kuti diso layamba kutsinzina ankandikankha kumsana, "Lowa tsopano, lowa!" Ndiye amene anaonera masewero athu masiku amenewo adziwe kuti munthu amene ankamusekayo anali atakwiyadi. Tikamaliza ankandigulira chakumwa chozizira n'kundisisita paphewa, akuti ndisazitengere kumtima, ndi ntchito. Patapita zaka sizinkafunikanso kuti andinyoze. Ndinkangomuyang'ana nkhope, basi mkwiyo wabwera.

Tinayenda, osanama. Maholo a mu Blantyre Lamlungu masana, masukulu a sekondale, mabwalo a mpira. Mabungwe atayamba kuphunzitsa anthu za nkhanza za m'banja anatikonda kwambiri. Ankatikweza pa lole mpaka ku Mdeka, ku Madziabango, ndi kwina kuseri kwa mapiri kumene minibasi sifika. Sewero likatha mayi wina wa bungwe ankatenga chimkuzamawu n'kufunsa kuti, "Kodi ankhoswewa achita bwino?" Anthu onse, "Ayiii!" Koma akunena choncho akupukuta misozi ya phwete, ena ayamba kale kunditsanzira. Funso la mayiyo palibe ankapita nalo kunyumba. Kenako tinalowa pa wailesi, kenako pa kanema, kenako kunabwera zimbale zimene zinkagulitsidwa pamsika ngati tomato. Za kamera ndiye zinali zowawa kuposa siteji, chifukwa amati bwereza, ndege yadutsa, bwerezanso, galu wauwa, ndipo ulendo uliwonse ndinkayenera kukwiya mwatsopano. Ndinkabwerera kunyumba mutu ukuwawa, chakudya osachifuna.

Musaganize kuti sindinayese kutulukamo. Ndinapempha kangapo konse kuti andipatseko gawo la munthu, kaya mphunzitsi, kaya dokotala, ngakhale wakuba bola wosaseketsa. Kamodzi anandilola, mwina pofuna kunditseka pakamwa. Ndinali bambo amene mwana wake wamwalira kuchipatala, ndipo ndinayenera kukauza mkazi wanga. Ndinakonzekera ndi mtima wonse. Nditangolowa, ndisanatsegule n'komwe pakamwa, holo yonse inayamba kuseka. Ndinanena kuti mwana wathu watisiya, wina kumbuyo n'kukuwa kuti, "Mupatseni nkhuku!" Mwini gulu sanandinyoze tsiku limenelo. Anangoti, "Waona? Nkhope imeneyo si yakonso, ndi ya anthu." Lamlungu lotsatira ndinavalanso jekete lija. Anthu ochokera kunja atabwera kudzajambula filimu kuno, nawonso anangondiona kamodzi n'kundipatsa gawo la mlonda wogona pageti.

Ndinayesanso kusiyiratu. Ndinabwerera pansi pa mtengo wanga uja ndi pampu ndi guluu. Asa! Anthu ankabwera opanda njinga, kudzangokhala, kudikira kuti kasitomala andikwiyitse. Ena ankachita kuphwetsa tayala dala kuti tikangane. Kumaliro akuluakulu anandipempha mwaulemu kuti ndisamalankhule, poti ndikangoimirira achinyamata amayamba kugundana zigongono pamaso pa anamfedwa. Kutchalitchi anandichotsa pa owerenga mawu. Kamunda kanga ndi kakang'ono, sikafikitsa banja ku zokolola zina. Ndiye ndinabwerera ndekha kwa mwini gulu, iye n'kundilandira osafunsa chilichonse.

Tsono achemwali anga, amene tinabadwa awiri okha m'mimba mwa mayi athu, anali ndi mwana wamkazi mmodzi. Bambo ake anamwalira iye akuyamba kumene sukulu, ndiye anakulira pakhomo pathu, nyumba yanga ndi ya amayi ake zikuyang'anizana. Mwana wofatsa, wosachulutsa mawu. Atakula anapeza mwamuna wa ku Lirangwe, mnyamata wochangamuka, mwini vidiyo sho pamsika: kanyumba ka malata, mabenchi, jenereta, ndi sipika yaikulu panja yoitanira anthu. Atabwera kudzafunsira anandipatsa moni ndi manja awiri, akumwetulira, akuti zimbale zanga ndi zimene zimamudyetsa. Ndinamukonda, ndisabise.

Nkhoswe wa kuchikazi anayenera kukhala ine. Ndinawauza kuti, "Achemwali, pezani wina. Ine anthu sanditenga ngati munthu."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Nanga ndili ndi mlongo wina ine? Ndikachite kubwereka kwa aneba?"

Ndinavomera. Pa chinkhoswe, itafika nthawi yoti ankhoswe tisinthane nkhuku monga mwa mwambo, bwalo lonse linaphulika, amayi nthungululu, anyamata malikhweru. Ndinasekanso nawo, poti linali tsiku lachisangalalo. Mnyamatayo anapempha chitengwa, kuti mkazi akakhale kwawo ku Lirangwe chifukwa cha bizinesi yake, ndipo tinamulola. Mwana wathu anapita. Patapita nthawi anabereka mwana wamwamuna. Akabwera kudzationa, tikamufunsa za banja, yankho linali limodzi: "Tili bwino, malume."

Tsiku lina m'mawa, nyengo yokolola, ndili m'munda kuimika mikukwe, ndinaona achemwali akubwera mothamanga, opanda ndi nsapato zomwe. Mayi wina wogulitsa tomato, amene ankakapikula ku Lirangwe, anali atawauza zonse. Mwana wathu akumenyedwa, ndipo sizinayambe lero. Ulendo uno achita kumusoka khutu kuchipatala, dzino lakutsogolo palibe. Achemwali sanalire. Anangondigwira malaya pachifuwa n'kuti, "Achimwene, mukanditengere mwana wanga. Za mlandu tidzakamba iye ali pano."

Kwathu kuno mayi sangangodzuka n'kukasolola mwana wake m'nyumba ya mwamuna. Zimadzera kwa ankhoswe, apo ayi akuchimuna amakutembenuzira mlandu kuti wapasula banja ndiwe. Ndinatumiza uthenga kwa nkhoswe mnzanga wa kuchimuna, tinapangana Loweruka. Msuweni wathu amene akanandiperekeza anali ku Joni, ndiye ulendo unali wa ine ndekha. Loweruka lomwelo gulu lathu linali ndi sewero, choncho ndinapita kukatsanzika kwa mwini gulu. Nditamufotokozera anandiyang'ana kanthawi, kenako masaya ake anayamba kufufuma.

"Iweyo? Ukupita kukakhala nkhoswe weniweni? Aise, tipite ndi kamera!"

Ndinatuluka osamuyankha, chifukwa ndikanayankha akanasekanso kawiri.

Sindinakonzekerepo sewero lililonse ngati mmene ndinakonzekerera ulendo umenewo. Ndinameta ndevu zonse zimene anthu amandidziwa nazo. Ndinabwereka suti yakuda kwa mkulu wa mpingo, yondikwana bwinobwino, ndi nsapato zofanana. Ndinkapita kumunda kukalankhula ndi mapesi, kusankha mawu aafupi, osavuta kutuluka, n'kumawabwereza mpaka atakhazikika. Ndinkadziuza chinthu chimodzi chokha: usapse mtima. Akakutukwana, meza. Akakuseka, meza. Ukangopsa mtima, mwana uja watsala komweko.

Ndinakwera minibasi mpaka pa Kameza, n'kukwera ina yodzera ku Lunzu. Ndinakhala kumbuyo, nkhope pawindo, ndipo palibe anandizindikira. Mtima unayamba kukhazikika, ndinati ndevu zija zandithandiza. Koma nditangotsika pa Lirangwe ndinamva mawu anga. Ankachokera mu sipika ya vidiyo sho ya mkamwini wathu, atatsegula mpaka kumapeto, ine ndikuchita chibwibwi kuti msika wonse umve. Anaika dala, podziwa kuti ndikubwera. Wokazinga tchipisi wina anandiyang'anitsitsa n'kukuwa, "Ndi omwewa! Ameta ndevu koma ndi omwewa!" Pofika kunyumba kwa mkamwini, kuseri kwa msika, kumbuyo kwanga kunali chikhamu ngati chopita ku mpira.

Anatiikira mipando pabwalo, mkati mwa mpanda wa udzu. Nkhoswe mnzanga anali bambo wachikulire, malume ake a mkamwiniyo, munthu waulemu wake ndithu. Mkamwini anakhala pambali pawo atasanjikiza miyendo. Amayi ake anakhala pakhonde, khanda lija atalibereka kumsana. Mwana wathu anali pamphasa yekha, duku atalikokera mpaka m'maso, mutu pansi. Ndipo pamwamba pa mpanda, m'mipata ya udzu, pageti, paliponse panali maso.

Ndinati, "Bambo, nkhani ya banja sikambidwa pamsika. Anthuwa achoke."

Kunja kwa mpanda kunamveka kuseka. Bamboyo anadzuka n'kuwakupiza ndi dzanja ngati akuingitsa ntchentche, iwo anasuntha pang'ono n'kubwereranso pomwepo. Atakhala pansi ndinaona kuti nawonso akudziluma mlomo. Sanali munthu woipa ayi. Ankayesetsa, koma akandiyang'ana masaya ankanjenjemera.

Ndinayamba bwino, Mulungu ndi mboni. Ndinapereka moni, ndinathokoza kuti atilandira. Ndinati mwana wathu tinamupereka ali ndi mano onse ndi makutu abwinobwino, ndipo tamva kuti wavulazidwa. Ndinati sindinabwere kudzathetsa banja, ndabwera kudzamutenga kuti akapume kwa amayi ake, mlandu tikambe bala litapola. Mawu onse anatuluka osapunthwa. Kunja kunali zii, koma sikunali kumvetsera ayi. Kukhala chete kumeneko ndimakudziwa ine, ndakumva m'maholo ambiri. Ndi kwa anthu amene akudikira kuti pokoma pafike.

Nkhoswe mnzanga anatembenukira kwa mkamwiniyo. "Wamva zimene anena anzathuwa. Yankha."

"Aa, malume," anatero mkamwini akuyang'ana ine, mano onse panja, "zazing'ono izi. Tinangosemphana mawu, iye pothawa n'kugwera pa jenereta. Mufunseni, si uyu ali apayu?"

Ndinati, "Mwanawe, vula dukulo."

Anazengereza, kenako anavula. Abale inu! Khutu linali litatupa, losokedwa ndi ulusi wakuda kuyambira pamwamba mpaka kumunsi, tsaya lonse lili bii. M'khosi munali zipsera zina zoti zinapola kalekale, osati za mwezi umenewo. Mwana amene ndinkamunyamula paphewa popita kutchalitchi! Ndinameza, ndinamezanso, ndinagwira mpando mwamphamvu. Kenako ndinamva diso lakumanzere likuyamba.

"I-i-iwe," ndinatero. "I-i-imeneyi ndi je-je-je..."

Mpanda wonse unagwedezeka. Anthu anakuwa ngati timu yawo yagoletsa chigoli. Wina anathyola udzu n'kugwera mkati chagada. "Yayamba! Yayamba!" Ndinaimirira kuti ndiwakalipire, mutu n'kuyamba kugwedera, ndiye zinangonyanya. Ndinamenya mpando ndi chikhatho, osakumbuka kuti m'sewero ndimamenyanso mpando. Nkhoswe mnzanga anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akudumphadumpha. Mkamwini anali atagwira pamimba.

"Ndi-ndi-ndikumu-mu..."

"Ndikumutenga lero lomwe!" gulu lonse linandimalizira, mawu amodzi ngati kwaya, poti mawu amenewo ankawadziwa pamtima.

Ndinayang'ana uku ndi uku, kufuna nkhope imodzi yokha yosaseka. Ndinkafuna kuwauza kuti taonani khutu la mwanayu, taonani, si utoto uwu. Koma chilichonse chimene ndikanachita ndinali nditachichita kale pa kanema. Kukuwa ndinakuwapo, kuloza chala ndinalozapo, kuponda pansi ndinapondapo. Ndinamva ngati anditsekera m'chipinda chopanda chitseko, ndipo amene ndinali mkatimo palibe ankandiona. Misozi inatsikadi, misozi yaukali, ndipo mayi wina pageti anati, "Koma bambowa amatha, ee!"

Pamenepo amayi a mkamwini anadzuka pakhonde, anazungulira kuseri, n'kubwera ndi nkhuku yomanga miyendo. Anagwada patsogolo panga mwaulemu wonse. Mpaka lero sindidziwa ngati ankachita chipongwe kapena ankapepesadi monga mwa mwambo. Mwina zonse ziwiri. Ndinapukusa mutu n'kuikankha.

"Akana koyamba!" anthu anakuwa.

Anaisendezanso. Ndinabisa manja kumbuyo.

"Akananso! Diso, diso, taonani disolo!"

Ndinakhala pansi, ndipo mayiwo anangoiika pamapazi panga n'kuwomba m'manja.

Nkhoswe mnzanga anapukuta m'maso ndi mpango n'kutsokomola. "Basi, anzathu, madandaulo anu tamva. Mnyamatayu walakwa, ndipo wapepesa. Iwe, usadzabwerezenso, wamva? Banja lipitirire." Anandigwira dzanja limene sindinawapatse, n'kuvala chipewa chawo. Anthu anawomba m'manja n'kuyamba kubalalika, akuuzana kuti za maso ndi maso zimakoma kuposa za pa kanema. Mkamwini anati akuthamangira ku vidiyo sho, makasitomala akudikira. Ndinawaitana kuti abwerere, mlandu sunathe, koma mawu anakanirira pakhosi, ndipo amene anali asanatuluke pageti anangocheuka n'kusekanso pang'ono. Ndinatsala pabwalo ndi mipando yopanda anthu.

Amayi a mkamwini analowa m'nyumba ndi khanda kumsana, n'kuima pakhomo. "Perekeza amalume ako kumsewu," anamuuza mwana wathu. "Uwanyamulire nkhukuyo. Mwanayu msiye, wagona."

Tinadzera njira ya m'minda, kupewa msika. Iye patsogolo, ine pambuyo. Pakati pa njira ndinamulanda nkhuku ija n'kuiponya m'mapesi, kaya anaitola ndani. Tinatulukira pamsewu waukulu patali pang'ono ndi pokwerera, pamene panalibe anthu. Magalimoto ochokera ku Zalewa ankadutsa n'kutiwaza fumbi. Mtima unali usanatsike, ndiye mawu ankatulukabe modukaduka, koma iye anaima n'kudikira kuti ndimalize. Tsiku lonse limenelo ndi iye yekha amene anandidikira.

Ndinamuuza kuti tikwere minibasi yoyamba kufika, amayi ake akudikira. Za zovala tidzatuma munthu.

"Nanga mwana, malume?" anatero. "Mukuyesa amubereka kumsana chifukwa chomukonda? Akuyamwa uja."

Ndinati ndibwerera ndikamulande ndekha, andimenye ngati akufuna. Anapukusa mutu.

"Mukangobwerera asonkhananso."

Ankanena zoona. Ndiye ndinamufunsa chimene chinkandiwawa kuyambira pamene anavula duku paja. "Zipsera za m'khosizo si za lero. Unkabwera kwathu, tinkakufunsa. Bwanji sunanene? Ndine ndani ine kwa iwe?"

Anakonza duku kuti libise khutu. Sanandiyang'ane.

"Tsiku loyamba kundimenya ndinamuuza kuti ndikanena kwa malume. Anaseka mpaka kukhala pansi. Anati, 'Kawaitane, tidzalipiritse pakhomo.' Ndiye ndinadziwa kuti mukadzabwera zidzakhala ngati zimene zachitika lerozi. Ine kumenyedwa ndinazolowera, malume. Koma sindinkafuna kuti adzakusekeni inu."

Mayo ine! Ndatukwanidwa kuseri kwa nsalu, ndasekedwa ndi maholo odzaza, koma palibe chimene chinandilasa ngati mawu amenewo. Ine nkhoswe, amene ndinayenera kumutchinga, chonsecho nthawi yonseyi amene ankanditchinga ndi iyeyo, ndi khutu lake, ndi dzino lake. Ndinatsegula pakamwa, ndipo sipanatuluke ngakhale chibwibwi chomwe.

Minibasi inaima patsogolo pathu, kondakitala akumenya chitseko, akuitanira Blantyre. Mwana wathuyo anagwada pang'ono.

"Ndathamanga, malume. Mabere akuwawa, ndiye kuti wadzuka."

Analowanso njira ya m'minda ija, osacheuka. Ndinakwera ndekha, ndipo njira yonse ndinkasaka mawu okawauza achemwali, amene ndinawasiya m'mawa akusesa kuchipinda ndi kuyanika bulangete loti mwana wawo adzafunde.